Malangizo kwa Wofuna Kugula Nyumba ku Nguludi ndi Ndalama za Eni Ake

Chiyambire chaka cha 2006, pamene sukulu ya ukachenjede ya Akatolika inatsegula zitseko zake pamalo pamene kale ankasulirapo aphunzitsi ku Montfort, nthaka ya ku Nguludi, imene makolo ankaidziwa ndi nandolo, chinangwa ndi kalongonda, yayamba kubereka mbewu ina yosalira feteleza kapena kupalira, ndiyo tizipinda ta ana a sukulu. Ndipo palibe kalaliki wa ku Limbe, namwino wa pa chipatala cha St Joseph, kapena mphunzitsi woyandikira kupuma ntchito, amene anadutsapo pa kabaza, nawerenga zitseko za mdadada umodzi, nazichulukitsa ndi lendi ya pamwezi, amene anakafika kwawo mtima uli m'malo. Anthu otere ndimawamvera chisoni, pakuti amayesa kuti kugula nyumba kuli ngati kugula mbuzi pa msika wa Namitambo, kumene munthu amaigwira msana, nanenerera, nalipira, nakoka chingwe ulendo wa kwawo. Chotero ndati ndiwalembere malangizo awa kwaulere, chinthu chimene sadzachionanso paulendo wonsewu.

Poyamba penipeni, m'bale wanga, musanaponde pa khomo la banki, yesetsani kukhala wolemera kale. Pakuti banki ili ndi chifundo chosaneneka pa munthu amene angathe kutsimikiza ndi mapepala kuti ngongoleyo sakuisowa, koma wosowa weniweni, amene denga likumudonthera pamphasa, amalandira mpando wofewa, kumwetulira kwa dona wa pa kauntala, ndi uphungu wakuti akayambe wasunga. Kulemera kukakukanikani, gulani nsapato za chikopa cholimba, ndipo mukafunse kwa akuluakulu a kwanu ngati mtundu wanu uli wa anthu okhalitsa pansi pano. Ngati agogo anu ankatsikira kuli chete imvi zisanamere, isiyeni nkhaniyi, mukagule njinga yamoto.

Ndipo musanyoze pepala monga amachitira anthu osadziwa mbiri ya boma lino la Chiradzulu, pakuti kuno pepala linayamba kudya nthaka kalekale. Kuyambira m'chaka cha 1892 Harry Johnston, mkulu woyamba wa boma la Atsamunda, anali kupatsa Azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zotsimikiza kuti malo amene ankati anawagula kwa mafumu ndi nsalu, mikanda ndi mfuti anali awodi. Ndipo pa zikalata zotere mpamene inakhazikika esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, ya maekala oposa 160,000, kumene anthu, makamaka Alomwe owoloka kuchokera ku dziko la Apwitikizi, ankalipira pogona pawo ndi thukuta la thangata. John Chilembwe, pofika ku Mbombwe m'chaka cha 1900, anadziwa bwino dziko limene analimo, nagula maekala ake 93 polembera. Ansembe a Montfort anakhazika mishoni yawo pa Nguludi m'chaka cha 1903, ndipo zimene zinaoneka mu Januwale 1915, pamene William Jervis Livingstone, woyang'anira esiteti ija, anaphedwa ku Magomero ndi mishoni ya Nguludi inatenthedwa, mwana wa sukulu aliyense amazidziwa. Sindikunena izi kuti ndikuopseni, koma kuti kalaliki akadzakuuzani kuti mubwere mawa, mudzakumbuke kuti mkangano wa khasu ndi chidindo unayamba iye asanabadwe, ndipo sungathe lero chifukwa chakuti inu muli pachangu.

Tsono mvetsani chimene mukugula, pakuti ambiri amalipira asanachidziwe. Malo a lizi si anu ayi. Ndi a Boma, limene mwa kukoma mtima kwake limakubwerekani zaka zowerengeka, kawirikawiri 99 akakhala malo a nyumba, ndipo chaka ndi chaka limakukumbutsani umwini wake pokulipiritsani lendi ya nthaka. Mukagula kwa munthu amene anatenga lizi yake kale, simulandira zaka 99, koma makombo a zaka zimene iye wasiya. Musayese kuti nzeru imeneyi inabwera pa sitima ya pamadzi. Mose anailemba kale m'buku la Levitiko, pamene anauza ana a Israyeli kuti munda usagulitsidwe chigulitsire, ndi kuti mtengo wake uziwerengedwa monga mwa zaka za zokolola zotsala kufikira chaka choliza lipenga. Kusiyana kwake n'kwakuti kwa Mose lipenga likalira munda unkabwerera kwa wosauka amene anaugulitsa, pamene kwa ife umabwerera kwa Nduna ya za Malo. M'chikalatamo mulinso mapangano ena, amene ndikukupemphani kuti musawawerenge usiku: kuti mudzamanga m'nyengo yoikika, kuti malo a nyumba simudzawasandutsa chigayo kapena pomwera mowa, kuti simudzagulitsa kapena kupereka chikole popanda chilolezo, ndipo mukaswa limodzi, mwini nthaka ali ndi mphamvu yolowanso m'malo ake, inu muli chiimire. Angerezi, eni ake a mwambo wa lizi, analimbana nayo lendi ya nthaka kwa zaka zambiri, kufikira m'chaka cha 2022 anaika lamulo lakuti pa lizi zatsopano za nyumba lendiyo isapose kanjere kamodzi ka tsabola. Ife tsabola tili naye wambiri m'madimba, koma Boma lathu limakonda makwacha.

Koma mtima wanu ukagwa pa fulati, kapena, monga zikhalira kuno kumene nyumba zosanja zili zowerengeka, pa zitseko ziwiri za pakati pa mdadada wa zitseko khumi, pamenepo mwasankha njira ya oyera mtima. Pakuti khoma la kumanzere ndi lanu ndi la mnansi, khoma la kumanja chimodzimodzi, maziko ndi a onse, denga ndi la aliyense pa nyengo ya chilimwe koma lilibe mwini mvula ikayamba, ndipo dzenje la chimbudzi likadzaza eni khumi onse amapezeka kuti kwawo kwagwa maliro. Chimene chili chanuchanu, chosatsutsika pa bwalo lililonse, ndi mpweya wa pakati pa makomawo. Wa ku banki adzakumverani mwaulemu, kenaka adzafunsa funso limodzi lokha limene banki iliyonse imafunsa chilengedwere, lakuti inu mukadzalephera kubweza, iwo adzagulitsa chiyani. Ndipo popeza chikalata cha malowo ndi chimodzi, cholembedwa m'dzina la mwini mdadada, zitseko zanu ziwiri sizingakhale chikole kufikira zitadulidwa mwalamulo ndi kupatsidwa chikalata chawochawo. M'zaka zaposachedwapa Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la Sectional Titles, lolola munthu kukhala ndi chikalata cha gawo lake la nyumba, nagawana ndi anzake udindo wa denga, makwerero ndi bwalo. Ndi lamulo labwino ndithu, ndipo ndikhulupirira kuti lili m'njira. Lidzatsika pa Nguludi Turn-off minibasi ikadzadzaza.

Wogulitsa musavutike kumufuna, adzakupezani yekha, pakuti madobadoba amanunkhiza ndalama ya penshoni isanatuluke n'komwe. Adzakufikitsani kwa bambo wina waulemu wake, wovala jekete ngakhale dzuwa lili paliwombo, amene adzaloza ndi ndodo kuchokera pa mtengo wa mango kukafika pa chulu, kutsikira ku nkhadze, nati zonsezi n'zake. Musafunse kumene bamboyo anabadwira. Mukafunsa mudzamva kuti kwawo n'kutsidya kwa phiri, kuno anangodza chikamwini, ndi kuti nthakayo ndi ya mkazi wake ndi abale ake aakazi, pansi pa amalume awo, eni mbumba, amene ali ku Joni ndipo sanamve kanthu. Ndipo kudziwa zotere kumachedwetsa malonda. Akale anati safunsa anadya phula, koma akalewo sankapikisana ndi ogula ena atatu amene, monga adzakunong'onezani dobadoba, akubwera madzulo ano ndalama zili m'manja. Lipirani msanga. Amayi a mbumbayo simudzawaona tsiku la malonda. Mudzawaona tsiku lokumba maziko, m'mamawa, atafika ndi makasu awo mopanda phokoso, akudzala chinangwa m'chipinda chanu chochezera, ndipo pamenepo mudzaphunzira, popanda kulipira fizi, kuti kuno Naboti wokana kugulitsa cholowa cha makolo ake amavala chitenje. Mwini nyumba akakhala kuti anamwalira, nkhani imakoma koposa: lamulo la chuma cha masiye la m'chaka cha 2011 limafuna kuti wogulitsa akhale ndi zikalata zomulola kuyendetsa chumacho, koma inu khulupirirani mwana woyamba amene wakulumbirirani kuti anabadwa yekha, kufikira alongo ake a kwa mayi wina atatsika basi kuchokera ku Mzuzu.

Abrahamu, pogula munda wa Makipela woti aikemo Sara, sanachite m'tseri, koma pa chipata cha mudzi, pamaso pa Ahiti onse. Ndipo Efroni, mwini malowo, amene anayamba ndi kunena kuti mundawo angompatsa, anatsiriza ndi kulandira masekeli 400 a siliva, zimene zionetsa kuti ogulitsa malo sanasinthe. Chipata cha mudzi kwa ife ndi bwalo la amfumu. Malo ambiri a m'dera lino la Mfumu Likoswe ndi a makolo, ndipo njira yopita kwa Boma imadzera kwa nyakwawa, kwa gulupu, kwa mfumu yaikulu, ndi kwa bwanamkubwa ku boma. Musaiwale kuti kwa akuluakulu sapita chimanjamanja, ndi kuti nkhuku ya masiku ano ilibe nthenga, imakwana m'thumba la malaya. Lamulo la malo a makolo la m'chaka cha 2016, limene linayamba kugwira ntchito mu 2018, linawonjeza komiti ya za malo, wapampando wake gulupu, ndi anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, atatu mwa iwo kapena kuposa akhale amayi. Ndiye kuti amayi aja munawazemba kumunda mudzawapeza pa benchi atagwira cholembera. Mukatuluka pamenepo ndi kalata ya chidindo, mudzayenda mwamatama, koma dziwani kuti kalata ya amfumu imatonthoza mudzi, banki siiwerenga. Chikalata cha Boma chimatonthoza banki, mudzi suchiopa. Mapanga awiri avumbwitsa, indetu, koma pa nkhani iyi phanga limodzi limavumbwitsa koposa, ndipo wanzeru amalipira lendi m'mapanga onse awiri.

Za asaveya ndinena pang'ono. Adzabwera ndi makina awo a miyendo itatu, inu mutawalipirira mafuta a galimoto. Adzayeza, nakwirira mabikoni a simenti m'ngodya zonse, najambula mapu amene ayenera kuvomerezedwa ndi Surveyor General asanasokeredwe ku chikalata chanu. Mabikoni a kuno ali ndi chizolowezi choyenda usiku, makamaka nyengo yolima, ndipo amayenda cholowera kwa inu nthawi zonse. Musakangane ndi mnansi; Mose anatemberera kale wosuntha malire, ndipo temberero silifuna loya.

Loya, komabe, mudzamufuna, ndipo ameneyu mumulemekeze, pakuti ndiye wansembe wa chipembedzo cha mapepala. Ntchito yake ndi yeniyeni. Amapita ku kaundula wa malo kukafufuza ngati wogulitsa alidi mwini, ngati malowo sanaperekedwe kale chikole ku banki ina, ngati palibe wina anaikapo chiletso, ngati lendi ya nthaka ilibe ngongole ya zaka khumi imene mwatsala pang'ono kuilowa ufumu. Amalemba pangano la malonda, amapempha chilolezo cha Nduna kuti lizi isamukire kwa inu, amaonetsetsa kuti wogulitsa watenga ku MRA kalata yoti msonkho alibe nawo mlandu, amakulipiritsani msonkho wa chidindo, nalembetsa dzina lanu. Ndalama za malonda amazisunga iye kufikira zonse zitalongosoka, ndipo apa mpamene wogulitsa adzakuitanirani paseri, nakuuzani kuti pakati pa abale sipafunika loya, mungomupatsa theka pamanja chifukwa mwana wadwala. Mpatseni, ngati mumakonda kuthandiza odwala. Dziwaninso kuti banki ili ndi loya wakewake wolemba chikalata cha chikole, amene ntchito yake ndi kuteteza banki kwa inu, ndipo amene amamulipira ndinu. Ulemu wotere, wolipira mmisiri wosula unyolo wa m'miyendo yako, sunapezeke ngakhale kwa Farao. Yeremiya mneneri, pogula munda wa Hanameli ku Anatoti ndi masekeli 17, analemba zikalata ziwiri, china chomata china chosamata, naitana mboni, nauza Baruki kuti aziike mu mbiya ya dothi kuti zikhalitse. Anatsiriza zonsezi ali m'ndende, mudzi utazingidwa ndi ankhondo a ku Babulo, ndipo anafulumira kuposa inu, chifukwa fayilo yake sinafunike kupita ku Lilongwe.

Fayilo yanu idzapita. Idzachoka ku Chiradzulu kunka ku Blantyre, kuchoka ku Blantyre kunka ku likulu, ndipo m'njiramo idzapumula pa matebulo ambiri, monga ayenera kuchitira wapaulendo aliyense. Mukamva kuti abwana osayina ali ku msonkhano ku nyanja, kondwerani kuti dziko likutukuka. Mukamva kuti netiweki yavuta, thokozani kuti tsopano fayilo ikhoza kusowa m'njira ziwiri, ya pepala ndi ya kompyuta. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chokhacho, jambulitsani pepala lililonse katatu, ndipo risiti ya Boma muisunge kumene mumasunga kalata ya ubatizo.

Tsopano tifike ku kachisi mwini wake. Makolo athu a m'tauni ankadziwa New Building Society, imene inayamba m'chaka cha 1964, chaka chimodzimodzi ndi Malawi Housing Corporation, ndipo inasanduka NBS Bank mu 2004. Lero mabanki obwereketsa ndalama za nyumba alipo angapo, koma katekisimu wawo ndi mmodzi. Adzafuna chiphaso cha unzika, mapepala a malipiro a miyezi ingapo, kalata ya abwana anu yotsimikiza kuti sanatope nanu, ndi mbiri ya akaunti yanu, m'mene mudzaonekera poyera kuti pofika pa 10 mwezi uliwonse mumakhala mutayamba kale kusala kudya. Adzafunsa ku mabungwe osunga mbiri ya angongole, amene chikhazikitsire lamulo lawo mu 2010 saiwala wailesi imene munatenga pa ngongole muli mnyamata. Adzawerenga zaka zanu, kuti ngongole ithe musanapume ntchito, nawerenganso zaka zotsala pa lizi, kuti lizi isafe ngongole ili moyo. Sadzakupatsani mtengo wonse wa nyumba; gawo lina mudzayamba mwaika ndinu, ndipo kumene mukalitenge si nkhani yawo, ngakhale aliyense akudziwa kuti mukalitenga ku banki mkhonde ya akazi anu kapena kwa wakatapila. Kenaka adzatuma katswiri woyesa mtengo wa nyumba, pa ndalama zanu, amene adzagogoda makoma, nayang'ana msewu wafumbi, nafunsa za madzi ndi magetsi a ESCOM, nalemba mitengo iwiri: wina wa tsiku la mtendere, wina wotsika wa tsiku limene nyumbayo idzagulitsidwe mokakamiza. Pamenepo mudzazindikira kuti anthu awa akonza kale mwambo wa maliro a malonda anu ukwati usanamangidwe. Adzakulembetsani inshulansi ya moto ndi ya moyo wanu, osati chifukwa chokukondani, koma kuti mukafa mufe mwadongosolo. Ndipo ife amene tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'dera lomwe lino mu Malichi 2023 sitingaseke inshulansi ya nyumba, tingokupemphani kufunsa ngati madzi ndi matope zalembedwamo.

Chiwongoladzanja musachiwerengere pamaso pa ana. M'chaka cha 2024 banki yaikulu ya Reserve inaika mlingo wake pa 26 pa 100 iliyonse, kwacha itagwa kale ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo mabanki obwereketsa amaikapo kawo pamwamba. Tingoyerekeza kuti mwakongola K20 miliyoni pa 30 pa 100: chiwongoladzanja chokha m'chaka choyamba chiyandikira K6 miliyoni, ndiyo pafupifupi K500,000 pa mwezi, ngongole yeniyeni musanaikhudze, ndipo mlingowo sukhala malo amodzi, umakwera pamene akuluakulu akumana, inu muli m'tulo. Bwererani tsono ku zitseko zija munawerenga, muchulukitsenso. Mukumbukenso kuti ana a sukulu amapita ku tchuthi, ena amachoka usiku ndi matiresi awo lendi ya miyezi iwiri ili kumbuyo, koma banki ilibe tchuthi, sidwala, ndipo siipita ku maliro. Pa thangata munthu ankagwirira mwini esiteti mwezi umodzi wa lendi ndi wina wa msonkho, ngakhale ku Magomero miyeziyo inkatalika modabwitsa. Inu mudzagwira miyezi khumi ndi iwiri pa chaka, mwa kufuna kwanu, mutasayina pamaso pa mboni, mutavala tayi. Mukaphonya miyezi ingapo mudzalandira kalata yaulemu, kenaka ina yochepa ulemu, ndipo potsiriza nyumba yanu idzatuluka m'nyuzipepala, pa tsamba lija la nyumba zogulitsidwa ndi mabanki, ndi nambala ya puloti ndi kufotokoza kokoma kwa zipinda zake, kotero kuti achibale amene sanabwere kudzaiona adzaidziwa.

Koma tiyerekeze kuti Mulungu wakusungani, mwabweza zonse kufikira tambala yotsiriza. Musathamangire kupha mbuzi. Chikalata chanu, chimene munangochiona kamodzi tsiku losayina chisanalowe m'chipinda chachitsulo cha banki, sichituluka chokha. Pafunika kalata yomasula chikole, yolembedwa ndi loya, yosayinidwa ndi banki, yolembetsedwa ku kaundula, ndi malipiro ake. Chifukwa chake posankha loya pachiyambi musatenge nkhalamba ya mbiri, ngakhale ikhale yodziwa chotani. Sankhani wachinyamata wosasuta, wosakwera njinga yamoto, ndipo mufunsitse ngati ali ndi mwana amene akuonetsa chidwi ndi maphunziro a malamulo.